Malata a pa Njuli

M'nyumba ya Yotamu Zuze, pamwamba pa chinyumba china chosanjikizana ku Scarborough, tsiku linkayamba ndi kusinthana. Mkazi wake Naomi, yemwe anali namwino, ankalowa m'mawa kuchokera ku ntchito ya usiku, chipale chili mbuu pamapewa a chikhoti chake. Yotamu ankakhala atavala kale, atamwetsa mwana wawo Alice phala, akungodikira kuti athamangire basi. Ankapatsana moni pakhomo ngati alonda awiri osinthana pachipata, wina maso ali lende ndi tulo, wina mtima uli kale panjira. Umu ndi mmene banjali linkasungira ndalama: posaonana.

Yotamu ankagwira ntchito yoyeza magazi m'chipatala china chachikulu pakati pa mzinda wa Toronto. Anzake ankamudziwa kuti ndi munthu wosamala. Kabotolo kalikonse ankawerenga dzina lake mobwereza asanakaike m'makina, ndipo akakayikira pang'ono ankakwera yekha kukafunsa ku wodi. Koma munthu amatha kukhala wa maso akuthwa pa zonse, n'kukhala ndi malo amodzi pamene safuna kuti pakhudzidwe, ngati chilonda chobisa m'malaya.

Chilonda cha Yotamu chinali mawu akuti mkamwini. Ku Canada anayamba kufika ndi Naomi. Ndiye anamuyendera mapepala kuti abwere, ndipo ngakhale nyumba ankakhalayo inalembedwa m'dzina la mkaziyo. Kwawo kwa Naomi ku Namitambo zimenezi sizikanadabwitsa munthu, pakuti kumeneko mwamuna ndiye amatsatira mkazi, nthaka n'kukhala ya akazi a pamudzi ndi alongo awo. Koma Yotamu anali wa ku Nsanje, kumene mwamuna amalowola n'kutengera mkazi pakhomo pa atate ake, ndipo munda umadziwika ndi dzina la mwamuna.

M'zaka zimenezo za m'ma 1970 Amalawi a ku Toronto ankakwana m'chipinda chimodzi chochezera. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi ankasonkhana ku North York kwa Overtone, munthu wa mtima wabwino koma wa pakamwa poyabwa.

"Wafika mkamwini wathu!" ankafuula motero Overtone akangoona Yotamu pakhomo. "Alamu, nkhuni za apongozi mwawaza musananyamuke? Kapena ku Scarborough apongozi amaotha magetsi?"

Anthu ankafa nacho chiseko. Yotamu nayenso ankaseka, koma mawuwo ankamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba, wosamezeka, wosalavulika.

Chaka china mu Febuluwale kunabwera kalata yochokera kwa Lameck, msuweni wake wa Yotamu, yemwe anali kalaliki pa kampani ina ya mabasi ndi malole ku Limbe. Shire anali atasefukira. Nyumba ya mayi ake a Yotamu, omwe anali amasiye, inasungunuka ngati mchere, ndipo mayiwo ankagona m'tchalitchi pamodzi ndi anthu ena, mbuzi zawo atazimangirira pamtengo wa belu. Aka sikanali koyamba. Kuyambira tsiku limenelo Yotamu akamva madzi akuyenda m'mapaipi otenthetsa nyumba ankadzidzimuka, n'kuyamba kuganiza za mvula ya chaka chamawa.

"Amayi apite kwathu ku Namitambo," anatero Naomi. "N'kumtunda, madzi safika. Achemwali anga a Vainess akawadulira malo, akawalandira ngati mayi awo."

"Mayi anga akakhale pa nthaka ya apongozi anga?" Yotamu anayankha mawu ali pansipansi, monga ankachitira akakwiya. "Ine ndakwatiwa kuno, iwonso akakwatiwe uko? Ayi, mayi a Alice. Ndiwagulira malo awoawo. Pakhomo pake pazitchulidwa dzina la Zuze."

Naomi sanalimbane naye. Ankadziwa kuti mwamuna wake ndi wofatsa ngati madzi a m'chitsime, koma akagwira mfundo ankaigwira ngati nkhanu.

Pofika mu Juni, Lameck anali atapeza malo. Anatumiza chithunzi: nyumba ya njerwa zowotcha yofolera ndi malata, mitengo ya mango kutsogolo, munda wotsetsereka mpaka kukhwawa. Malowo anali chakufupi ndi Njuli, pang'ono kuchoka pa msewu wa ku Zomba. Wogulitsayo anali bambo wina dzina lake Jailosi, amene anamanga nyumbayo ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni. Mkazi wake anali atamwalira kumayambiriro a chaka, ndipo iye ankafuna kugulitsa zonse msanga kuti azipita. Mtengo wake unkafanana ndithu ndi zonse zimene Yotamu ndi Naomi anasunga chifikireni m'dziko lozizirali.

Naomi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, nsapato zoyera za ku ntchito asanavule.

"Akufuna kupita kuti, bambo amenewa?"

"Kwawo."

"Ndiye kuti pamenepa si kwawo."

Naomi anaika chithunzicho patebulo, n'kupitiriza:

"Bambo a Alice, munthu woti mkazi wake wamwalira, iye n'kumati ndikupita kwathu, ameneyo ndi mkamwini. Ku Njuli ndi kufupi ndi kwathu, ndikukudziwa. Muwafunse a Lameck funso limodzi lokha: pamalopo anabadwirapo ndani, mwamunayo kapena malemuwo? Ngati ndi malemuwo, afufuze malume a ana. Popanda mawu a malume, palibe chimene mwagula."

"Nyumba anamanga ndi thukuta lake. Amene wamanga ndiye mwini."

"Kwanu zili choncho. Ku Njuli si kwanu."

Mawuwo anali oona, ndipo Naomi anawanena mopanda chipongwe. Koma Yotamu sanamve za Jailosi. Anamva za iye mwini: kuti mwamuna angakhetse thukuta zaka ndi zaka, koma pamaso pa mkazi ndi abale ake n'kukhalabe mlendo woti tsiku lina adzapatsidwa njira.

"Ndiye kwa inu mkamwini si munthu," anatero, akutenga chithunzicho n'kuchiika m'thumba la malaya. "Ndamva."

Lachiwiri lotsatira, pa nthawi yopuma masana, anayenda wapansi kupita ku banki. Buku la ndalama linali m'maina a onse awiri, ndipo aliyense mwa iwo akanatha kutapa. Mayi wachizungu wa pazenera la ndalama zotumiza kunja anamufotokozera kuti madolawo adzadzera ku London, kumeneko n'kupita ku banki ya ku Blantyre, kumene adzasanduke makwacha m'dzina la wolandira. Ataona kukula kwa ndalamazo anakweza maso pamwamba pa magalasi ake, n'kufunsa ngati sikungakhale bwino kuzitumiza kwa loya, kuti azisunge kufikira mapepala a malo atayera.

"Kwathu timakhulupirirana," anayankha Yotamu, n'kusaina.

Atatuluka, dzuwa la chilimwe lili psu, anabwerera ku ntchito. Madzulo ake analembera Lameck kalata ya ndege yomudziwitsa kuti ndalama zili m'njira. Kumunsi kwa pepala kunatsala mpata wokwana mzere umodzi. Cholembera chinaima pamenepo kanthawi ndithu, funso la Naomi lili kumapeto kwa zala. Kenaka anadzaza mpatawo ndi moni wopita kwa ana a Lameck, n'kunyambita m'mphepete, n'kumata.

Masabata amene ndalamazo zinali m'njira anali aatali ngati msewu wa munthu wodwala. Tsiku lililonse akaweruka ankayamba wasuzumira m'kabokosi ka makalata pansi pa nyumba. Mu sitima yapansi panthaka ankapitirira siteshoni yake osazindikira. Ankadziuza kuti chimene chikumudetsa nkhawa ndi mabanki, kuti mwina pepala lasochera pakati pa London ndi Blantyre. Koma uthenga utabwera woti Lameck walandira zonse, Jailosi wadinda chala pa pepala pamaso pa mboni, nkhawayo sinachoke. Inangosintha pogona.

Mu Seputembala mayi ake anasamuka. Anagulitsa mbuzi zawo, anatsazika manda a amuna awo, n'kukwera sitima ya pamtunda ndi mphasa, mtondo ndi mbewu zomangidwa m'chitenje. Lameck analemba kuti mayiwo anagwada pakhonde la nyumba yatsopanoyo n'kuwomba m'manja, akutchula dzina la mwana wawo. Ankadandaula za kuzizira kwa kumtunda kokha basi, ndiponso kuti anthu a kumeneko sakumva bwino Chisena chawo, moti macheza ankathera pa moni.

Lamulungu lotsatira Yotamu anaika chithunzi chija patebulo la Overtone.

"Eee, taonani abale!" Overtone anachikweza m'mwamba. "Mkamwini wagula mudzi! Alamu, ndakugwadirani. Kuyambira lero ndinu a Zuze a pa Njuli."

Kwa nthawi yoyamba Yotamu anaseka kuchokera pansi pa mtima. Koma pobwerera, ali m'basi, Alice atagona pamiyendo ya mayi ake, Naomi anafunsa osamuyang'ana:

"A Jailosi aja anachoka?"

"Akadali pompo, m'kanyumba ka kuseri. Akuti akudikira kamwambo kena ka maliro."

Naomi anatembenuka. "Akudikira kusudzulidwa. Abale a mkazi akamasula mwamuna wamasiye, ndiye kuti zake pamudzipo zatha. Tsiku limenelo ndi pamene eni malo amalankhula. Bambo a Alice, mpata ukadalipo. Munthuyo akadali pafupi, mwina ndalamanso sizinathe. Lembani."

"Pepala lilipo, chala chilipo, mboni zilipo," anatero Yotamu akuyang'ana pawindo. "Musandichotsere chimwemwe cha tsiku limodzi lokhali."

Sanalembe. Masamba a mitengo anafiira, anayoyoka, chipale chinayambanso. Ku Njuli mvula inagwa bwino, ndipo mayi aja anadzala chimanga m'munda wonse mpaka kukhwawa.

Lachisanu lina mu Disembala, Yotamu akuchokera ku ntchito, anapeza telegalamu. Mawu ake anali ochepa: aimbe foni ku ofesi ya Lameck msanga, nkhani ya amayi. Anayang'ana wotchi. Ku Malawi kunali kutada kale, ndipo ofesi ya Lameck inkatsegulidwanso Lolemba.

Palibe katundu wolemera ngati uthenga wosatha. Loweruka lonse Yotamu anangoyendayenda m'nyumba, kuchoka pawindo kupita pakhomo, pakhomo kupita pawindo. Ankaona mayi ake atagona pamphasa, chibayo cha kumtunda chitawagwira. Ankaona maliro oikidwa ndi alendo, m'dera lopanda mbale. Kenaka ganizo lina linkasuzumira ngati njoka pamphako, iye n'kulithamangitsa, pakuti linali ndi mawu a mkazi wake. Anachita manyazi pozindikira kuti pa zoopsa ziwirizo sankadziwa chimene akuchiopa kwambiri. Ku tchalitchi sanamve ulaliki. Kwa Overtone sanapite. Naomi anamuikira chakudya, anachichotsa chitazizira.

Lolemba m'mawa sanapite ku ntchito. Anapempha wolumikiza mafoni kuti amupezere Limbe, n'kukhala pampando chimanjamanja, maso ali pa foniyo ngati mlenje pa una. Italira, anaigwira ndi manja awiri. Mawu a Lameck ankamveka kutali, ngati a munthu wolankhulira m'chitsime.

"Achimwene, musaope, amayi ali moyo."

Yotamu anatulutsa mpweya umene anaugwira masiku onsewo. "Ndiye chavuta n'chiyani?"

"A Jailosi anawasudzula mwezi watha. M'mawa mwake ananyamuka, akuti kwawo ndi kutsidya kwa malire, kuseri kwa phiri la Mulanje. Mudzi wake palibe akuudziwa bwino. Tsono nthawi yonseyi abale a malemu aja ankayesa kuti amayi ndi mlongo wa a Jailosi, wobwera kudzawaphikira pa nthawi ya chisoni. Anawauza choncho ndi a Jailosi omwewo."

"Lameck, lankhula msanga, foni ikudya ndalama."

"Lachitatu anabwera, malume a ana ndi azichemwali a malemu. Anabwera mwaulemu, atanyamula ufa ndi nkhuku. Akuti, 'Mayi, mwatisungira mlamu wathu, zikomo kwambiri. Kankhuku aka nkapanjira. Nanga inu munyamuka liti? Mwana wathu wamkazi akufuna kulowa m'nyumba ya mayi ake.' Amayi anangoima, nkhuku ili m'manja. Anayenda wapansi mpaka pamsewu, n'kukwera basi kudzandipeza, nkhukuyo ili m'khwapa."

Pa nthawi yomweyo kiyi anatembenuka pachitseko. Naomi analowa, chipale chili pamapewa, n'kuima pomwepo.

"Nanga pepala?" anafunsa Yotamu. "Pepala lija unawaonetsa?"

"Ndinapita nalo ndekha. Analiwerenga bwinobwino, osakwiya n'komwe. Akuti chala ndi cha a Jailosi, sakukana, koma nthaka sinakhalepo ya a Jailosi. Anandilozera manda a agogo awo kumunsi kwa munda, pamsitu paja. Akuti amfumu tingapiteko, koma tikangotaya nsapato."

"Iwe sunafunse? Pogula paja sunafunse?"

"Ndifunse chiyani, achimwene? Munthu ndinamupeza pakhomo pake akusadza mango ake. Kwathu kuja ukamagula munda wa mwamuna umakafunsa kwa alamu ake? Inunso simunandiuze kuti..."

Foni inaduka. Munatsala phokoso lokhalokha, ngati la mtsinje wodzaza.

Yotamu anaibweza pang'onopang'ono. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana manja ake, manja omwe anali asanasokonezepo kabotolo ka munthu ngakhale kamodzi. Ankaona mayi ake ali pamsewu wa ku Zomba, nkhalamba yosadziwa dera, nkhuku yotsazikira ili m'khwapa. Ku Nsanje analibenso nyumba, analibenso mbuzi, ndipo Shire anali atayamba kale kukwera. Pomaliza anakweza mutu.

"Mayi a Alice," anatero, liwu lili losasa, "kwanu zikatere mumatani?"

Naomi anavula chikhoti, anachikoleka, n'kukhala pampando woyang'anana naye. Maso ake anali ofiira ndi tulo.

"Funso limeneli linali la mu Juni, bambo a Alice. Likanatidyera sitampa imodzi." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "M'nyumba imeneyo munalowanso ndalama za usiku wanga wonse umene ndinagona choimirira ku ntchito. Koma zimenezo tidzalira tsiku lina. Lero tiganize za amayi."

Anamufotokozera kuti mkamwini akamachoka amatha kunyamula chimene anabwera nacho ndi thumba lake: malata, zitseko, mawindo. Nthaka ndi mitengo zimatsala. Ngati Jailosi anali ndi chogulitsa, chinali chimenecho. Anatinso anthu amene amabwera ndi nkhuku si anthu ankhanza. Akapitako munthu wodziwa kukhala pansi ndi kuwomba m'manja mwa kwawo, sangathamangitse nkhalamba chimanga chake chili m'munda.

"Ndiwatumizira uthenga a Vainess ndi amalume anga. Koma akakamaliza kulankhula, amayi adzafunika kopita. Mundiuze inu, chifukwa dzina la Zuze ndi lanu."

Yotamu anameza malovu. Munga uja unatsika, ukukanda njira yonse.

"Akawadulire malo ku Namitambo," anatero. "Ngati angavomere."

Zinayenda monga Naomi ananenera. Abale a malemu analola kuti mayi a Yotamu akhale m'kanyumba ka kuseri kufikira atakolola. Mu Meyi anthu a ku Namitambo anabwera ndi lole yobwereka, n'kusasula malata, zitseko ndi mawindo, eni malo akuthandiza kutsitsa. Zaka zonse zosinthana pakhomo zija, kuzizira konse kodikira basi, zinakwana kumbuyo kwa lole imodzi, pamwamba pake patakhala nkhalamba ndi matumba ake a chimanga. Vainess anawamangira nyumba ya zidina kuseri kwa yake, pa nthaka ya apongozi, n'kuifolera ndi malata a pa Njuli.

Kwa Overtone mawu akuti mkamwini sanamvekenso. Yotamu akalowa, Overtone ankangoti, "Takulandirani, alamu, khalani apa," n'kumuthirira tiyi. Ulemu umenewo unkamupweteka kuposa chipongwe chija.

Patapita miyezi, mayi ake anatuma Vainess kuti awalembere mawu. Anati ali bwino, madzi kulibe, akuphunzira kudya nandolo ndi kalongonda. Anati mwana wawo asadandaule za denga: malata ogwirapo kale ntchito amakhala ndi mabowo a misomali yakale, choncho masana akagona amaona tinyenyezi m'mwamba, ndipo mvula ikamagwa amangosuntha mphasa.

Yotamu anawerenga mawuwo ali mu sitima, n'kupitiriranso siteshoni yake. Anali atawoloka nyanja, ataphunzira kuwerenga zobisika m'magazi a munthu, koma funso limene linali m'nyumba mwake, pakamwa pa mkazi wake, analikana chifukwa linkadutsa pa chilonda chake. Anatambasula dzanja akuyesa kuti akutapa uchi, ndipo chimene chinatsala m'kamwa mwake anachitafuna zaka zambiri. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.